Ada Gibson Abwerera mu Filimu

Lolemba, 14 Julaye

Chintheche. Ndafika masana, laputopu pamiyendo njira yonse kuchokera ku Mzuzu. Mwera, fumbi m'mano, msana ngati si wanga.

Loweruka tikuonetsa filimu yathu, Misozi ya Usipa. Tinajambula kuno mu 2018 ndili mbeta, yatha mwana wanga ali Sitandade 1. Ndipo yatha chifukwa chimodzi chokha: Fletcher, dayilekita wathu, akufuna uphungu. Kale ankalumbira kuti filimuyi imufikitsa ku Ulaya. Yamufikitsa pa chitenje. Nkhope yake ndaiona pamsika, amayi akuikhalira.

Enafe. Chancy wa kamera amajambula maukwati ndi maliro, akuti maliro ndiye abwino, mwini wake sadandaula kuti waoneka wakuda. Vanessa amene analemba nkhaniyi ali ku bungwe lina ku Lilongwe, amalemba malipoti a zimbudzi. Austin wa nyimbo ndi mneneri tsopano. Nyimbo ya mu filimu anangoisintha mawu, nkhosa zake zikuvina. Ndiye ine Nancy, wodula ndi kulumikiza zithunzi. Nthawi ija ankanditcha mkonzi. Lero ndimaika maluwa ouluka pa mavidiyo a zinkhoswe.

Lachiwiri, 15 Julaye

Taonera yonse ndi Fletcher. Wabwera ndi suti, pa mwera wonsewu.

Akufuna ndichotse pamene phungu wa mu filimu akuba malata a sukulu. "Anthu angasokonezeke." Mu 2018 ankati pamenepo ndiye pali mtima wa filimu, mpaka analira. Ndachotsa.

Vanessa pa foni: bungwe lake lagula mafuta a jenereta, ndiye kumapeto kukhale uthenga wosamba m'manja. Filimu ya msodzi womira m'nyanja. Ndaika.

Austin: dzina lake lilembedwe Mneneri Wamkulu, zilembo zagolide. Ndalemba.

Za malipiro anga aliyense akutsokomola.

Lachitatu, 16 Julaye

Kwabwera mayi wachikulire wa cha ku Bandawe, mkoko wa nthochi pamutu. Ama Lois. Ndati "Mwe uli, ama?" Chitonga changa n'kuthera pomwepo. Iwo ayankhula Chichewa pang'onopang'ono, ngati akundipungulira.

Amuna awo ndi ada Gibson, msodzi amene anatibwereka bwato, ife n'kuwalipira ndi chiganizo chimodzi mu filimu. Anamwalira mu 2021. Sindinkadziwa. Chithunzi chawo chimene chilipo ndi cha pa chitupa basi. Ama aitana amayi onse a Umanyano, gulu lawo la ku tchalitchi, kuti Loweruka adzaone.

"Akuti anayankhula mu kanema. Nkhope ndikuikumbuka, mwana wanga, koma mawu ayamba kundithawa."

Ada Gibson mulibe mu filimu. Fletcher anati achoke kalekale, akuti nkhope yawo siigulitsa.

Ndati, "Alimo, ama." Nthochi ndadya ziwiri.

Lachinayi, 17 Julaye

Ndawapeza m'zithunzi zotaya. Ali pamchenga, malaya ofiira, mano onse panja. Chiganizo chawo chinali chakuti "Nyanja yakwiya lero." Ulendo woyamba anati, "Nyanja yakwiya lero, komanso ndikupereka moni kwa mwana wanga Sam ku Joni." Ulendo wachiwiri anaonjezera a mpingo. Wachitatu anangoseka mpaka kukhala pansi. Kumbuyo kukumveka Fletcher akukuwa Chingerezi.

Ndaseka ndekha, kenako misozi. Munthu wamoyo chonchi.

Ndapempha Fletcher tiwabwezeremo. Wakana. "Akufa savota." Chancy ali chiyang'anire kamera yake wati, "Amavota, bwana, funsani bwino."

Ndatchula za Umanyano, kuti akubwera onse ndi yunifolomu. Fletcher maso m'mwamba, milomo ikuwerenga mavoti. Kenako dzanja pachifuwa. "Ada Gibson anali ngati bambo anga ondibala. Ikani zonse, ngakhale zolakwitsazo. Pansi pake mulembe kuti chikumbutso chochokera kwa ine." Wafunsanso dzina lawo kuti alilembe molondola.

Ndaika zonse kumapeto. Kagalasi ka laputopu n'kakang'ono, ine maso pa nkhope yawo basi.

Loweruka, 19 Julaye



Holo ya sukulu, masana, mabulangete m'mawindo. Anthu mpaka pakhomo. Umanyano kutsogolo, zoyera mbee. Fletcher wayankhula mpaka jenereta yafuna mafuta ena filimu isanayambe. Austin wapempherera pulojekita, waiwaza madzi, Chancy watsala pang'ono kumumenya.

Filimu yayenda. Pamene mnyamata wa m'nkhani akumira, holo yonse kuseka, chifukwa womirayo anali pa benchi yachiwiri akudya nzimbe, mimba kutsogolo. Pa uthenga wosamba m'manja aombera m'manja, sindikudziwa chifukwa.

Kenako ada Gibson. Khoma lonse iwo.  "Nyanja yakwiya lero, komanso ndikupereka moni..." Ama Lois aimirira, manja pakamwa. Amayi ayamba kulira chapansipansi, kwinaku akuseka. Ndinati mumtima, Nancy, zaka zonsezi lero wagwirako ntchito.

Khoma ndi lalikulu kuposa laputopu. Cha kumanzere, m'mphepete, mayi wachitsikana wakhala pa bwato, jekete la ada Gibson pamiyendo, khanda kumsana. Ada atagwa ndi phwete, mayiyo watambasula dzanja n'kuwasasa mchenga pakhosi. Osati kusasa kwa mlendo. Ndipo ada, mawu omveka bwino pa masipika a Austin: "Belita, ndaoneka wuli?"

Wina kumbuyo: "Si Belita wa ku Kande uyo?" Wina: "Ndi mwana yemwe!"

Ama Lois sanalire. Akonza duku, atuluka, msana chilili. Umanyano wonse pambuyo pawo, mzere umodzi. Fletcher anali atayamba kale kuomba m'manja, yekha, chitenje cha mphatso m'khwapa.

Panja wandiloza chala. "Wandithera mavoti a mpingo wonse." Chancy akuti mayiyo anamuona mu 2018, ankayesa ndi akazi awo. Austin akuti iye anazilota kale, anangoiwala kunena. Vanessa pa foni akufunsa ngati ndajambula anthu akusamba m'manja, za lipoti.

Lamulungu, 20 Julaye

Sindinatuluke. Belu la tchalitchi ndalimvera m'bulangete. Mwini nyumba wandibweretsera tiyi osandiyang'ana, kenako pakhomo waphulika kuseka.

Fletcher wapita ndi galimoto, ine wandisiya. Akuti ku Kande amulandira ndi nthungululu, ati ndi phungu wosabisa chilungamo. Wandiimbira, mawu ofewa. Akuti tiganizire gawo lachiwiri.

Ndimafuna kuwapatsa mawu a amuna awo. Ndawapatsa manyazi pa khoma la sukulu. Mawa minibasi yoyamba.

Lolemba, 21 Julaye

Sindinapite. Ndikutseka chikwama, gogogo. Ama Lois. Opanda nthochi.

Ndagwada, ndayamba kupepesa. Andidula. "Dzukani, mukudetsa siketi. Ndinkadziwa. Chintheche yonse inkadziwa. Koma kudziwa n'kwina, pa khoma n'kwina."

Akhala pa bedi, atulutsa foni m'kansalu. "Akuti ntchito yanu ndi kudula anthu. Ndidulireni uyo, mundisiyire wanga."

Ndatsegula laputopu. Ndakoka chithunzi mpaka bwato latuluka, Belita watuluka, khanda latuluka. Koma dzanja losasa mchenga limalowabe. Kuti lichoke, ada Gibson ataya phewa ndi khutu limodzi. Ndawaonetsa mwamantha. Ayang'ana nthawi yaitali. "Khutu limenelo silinkamva kale. Lisiyeni lipite."

Mawu oti Belita ndachotsa. Patsala moni wa Sam, moni wa a mpingo, ndi kuseka kuja. Aonera, abwereza, abwerezanso, foni pafupi ndi tsaya. Ati, "Chitsiru ichi," chala chikusisita galasi. Atuluka osatsanzika bwino. Pakhomo angoti yewo.

Ndinayesa zatha. Ndadya chinangwa chowiritsa, koyamba kumva njala chichokere Loweruka.

Masana, gogogo wina. Mayi wowonda, nsapato m'manja, fumbi la ulendo mpaka m'mawondo. Pambali pake kamtsikana ka yunifolomu ya sukulu. Sindinafunse dzina. Mano a mwanayo ndi omwe aja a pa khoma.

Ku holo kunalibe iye, wangomva kwa anthu. Wayankhula maso pansi. "Uyu bambo wake sakumukumbuka. Pa maliro sitinaloledwe. Akuti muli nacho chithunzi tili tonse atatu. Ndikufuna chonse, anti, osadula."

Ndawakhazika pa bedi pomwe paja. Chosadulacho ndili nacho, chikulowa mu foni yake panopa, pang'onopang'ono ngati dala. Mwana wafika kale pa laputopu, akuloza khanda, akufunsa ngati ndi iyeyo.

Panja mwini nyumba akupereka moni mokweza kwambiri, kuti ine ndimve. Ama Lois. Akuti mawu sakutuluka pa foni yawo, akufunsa kuti mtsikana wa filimu uja anadina pati. Mapazi akubwera pakhonde. Chipindachi chili ndi khomo limodzi, ndipo pa laputopu ada Gibson angoyamba kumene kuseka.