Chitini Chimodzi pa Tebulo

Lachitatu, 9 Novembala

Darcy wabwera kudzatenga zipolopolo zake makumi awiri. Chiyambire ali ndi zaka 14 ndimamudzazira ndine wonga m'zigoba za zipolopolo, ndipo mwana wanga sanaombepo gwape ndi chipolopolo cha m'sitolo. Ndimanyadira, sindibisa. Akapha, chigoba chija amandipatsa m'manja, ine n'kulembapo chaka, n'kuchiimika pawindo la kuchipinda chapansi komwe ndimagwirira ntchito. Zilipo 17.

Wandiseka kuti masiku ano sikelo ndikuiwerenga ndi mphuno. "Adadi, magalasi ali pamutu panu." Analidi pamutu.

Nyengo yosaka agwape itsegulidwa Lachiwiri. Kwazizira koma chipale chofewa sichinagwe.

Lachinayi, 10 Novembala

Kaya ndilemba bwanji.

Ndimati ndidzaze zanga. Nditathira wonga wa mfuti yaikulu m'kambale ka sikelo, ndaona zachilendo. Wonga umenewu umakhala timibulu titalititali ngati manyi a mbewa. Koma muli tina tophwatalala ngati mamba a nsomba. Umenewo ndi wa pisitolo, wopsa msanga. Ukalowa m'mfuti yaikulu umang'amba chitsulo, ndipo tsaya la woombayo limakhala pomwepo.

Ndakumbuka. Lamlungu ndinadzaza za pisitolo, mkazi wanga Lorna n'kuitana kuti chakudya chikuzizira, ine n'kukhuthulira wotsala uja m'chitini mwachangu. Chitini cholakwika. Pa tebulo panali zitini ziwiri. Ine Wendell Koskela, amene ndinalemba ndi penti pakhoma kuti CHITINI CHIMODZI PA TEBULO. Ine amene ndinayalutsa mlenje mnzanga Arvo kumsasa wathu wa alenje zaka zisanu zapitazo nditapeza zitini ziwiri pa tebulo lake, n'kumuuza anthu onse akumva kuti agulitse zida zake akagule singano zolukira masokosi. Mpaka lero amandilonjera ndi chibwano chokha.

Za Darcy ndinadzaza Loweruka kapena Lolemba? Ngati ndi Loweruka palibe vuto. M'kabuku ndinalemba zonse, tsiku lokha ayi.

Lorna sindinamuuze.

Lachisanu, 11 Novembala

Ndamuimbira Darcy. Ndati abweretse zipolopolo zija ndizipukute, zina zinatsalira mafuta.

"Adadi, gwape sayang'ana kunyezimira kwa chigoba." Akuti zili kale m'chikwama cha kumsasa, ndipo ali pantchito mpaka Lamlungu.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, m'malo mwake munatuluka nkhani ya matayala a galimoto yake. Munthu wamanyazi anafera chinthu m'mimba, ndikudziwa. Koma tsiku lomwe ndinadzaza linali Loweruka. Ndikukhulupirira linali Loweruka. Ndipo iye saomba mpaka Lolemba, tsiku loyesa mfuti pa mbale kumsasa.

Loweruka, 12 Novembala

Maola awiri pa msewu, kukagula bokosi la zipolopolo kusitolo yomwe sandidziwa. Mayi wogulitsa kungondiona: "Si inu a Koskela? Munaphunzitsa amuna anga kudzaza. Inu kugula za m'sitolo? Lero kugwa chinthu." Ndati n'za munthu woyandikana naye nyumba. Bodza lachiwiri sabata ino, ndipo latuluka mosavuta kuposa loyamba.

Nzeru yanga ndi iyi: Lolemba kumsasa nditsegule chikwama cha Darcy, ndisinthe, pasakhale womva. Nkhalamba ya zaka 69 kukonza zopisa m'chikwama cha mwana wake ngati mbava. Ndikudzinyansa.

Lamlungu, 13 Novembala

Kutchalitchi sindinatolepo kanthu.

Masana ndamwaza chitini chonse m'dimba la Lorna, muja amabzala kabichi. Amandiona pawindo.

"Wendell, inu kutaya wonga? Inu amene kambewu kamodzi kakagwa mumakatola ndi chala?"

Ndati watha ntchito. Wandiyang'ana nthawi yaitali, kenako wabwerera ku mbale zake. Zaka 44 tili limodzi, amadziwa ndikanama, koma amadikira ndidzitengere ndekha kukhoti.

Lolemba, 14 Novembala

Kumsasa. Ndilemba zonse, ndisadzinyengenso.

Mwambo wathu masana a tsiku lino ndi woti timakhoma mbale ya pepala pachitsa, aliyense n'kuomba kamodzi kuona ngati mfuti ikulunjika. Woyamba amakhala amene anapha gwape wamkulu chaka chatha. Ndinaiwala kuti ameneyo ndi Darcy.

Anthu atatuluka ndinalowa mogona muja, ndinatsegula chikwama chake. M'bokosi munali 15. Zisanu anali atatenga kale. Panja ndinamva Arvo: "Darcy, yamba iwe, ife okalamba tione."

Maondo angawa sanathamangepo chiyambire opaleshoni. Lero athamanga. Ndinamupeza atagwada, tsaya lili pamtengo wa mfuti, diso limodzi atatsinzina, monga ndinamuphunzitsira.

"Usaombe! Darcy, chotsa chala!"

Anachotsa. Anthu asanu ndi awiri akundiyang'ana, ine ndili wefuwefu, bokosi la m'sitolo lili m'manja. Ndinanena zonse. Zitini ziwiri, chakudya chozizira, tsiku losalembedwa.

Arvo anatenga chipolopolo chimodzi kwa Darcy, anapita kugalimoto yake kukazula mutu ndi kachida kake, n'kudzakhuthulira wonga pa mbale ya pepala yatsopano. Mamba aja anali mbwee, ochuluka kuposa timibulu. Ndiye kuti ndinadzaza Lolemba.

Ndinadikira za singano zolukira masokosi. Ndinkazifuna ndithu, zikanandipepuza. Iye anangoti, "Zimachitika, Wendell," n'kupinda mbale ija. Zinandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Darcy anali adakali chogwada. Sanakweze mawu.

"Munadziwa liti, adadi?"

"Lachinayi."

"Ndiye Lachisanu lija, za mafuta zija."

"Eya."

"Loweruka m'mawa ndinaitulutsa mfuti kuti ndikayese kuseri kwa nyumba. Anandiitana kuntchito msanga, n'chifukwa chake sindinaombe."

Ndinamutambasulira bokosi la m'sitolo. Analiyang'ana, anayang'ana ine, kenako anatembenuka. "Amalume Arvo, mfuti zathu n'zamtundu umodzi. Muli ndi zapadera?"

Arvo anamupatsa zisanu, zodzaza yekha. Darcy anaomba, pakati penipeni pa mbale. Palibe anaomba m'manja.

Kusokoneza wonga akanandikhululukira, ndikudziwa mwana wanga. Koma masiku anayi aja.

Lachiwiri, 15 Novembala

Sindinapite kutchire. Ndati wina atsale aphike, palibe ananditsutsa.

Cha m'ma 8 koloko, mfuti kamodzi kuchokera kudambo la mikungudza komwe Darcy amabisalira. Kulira kwake ndimakudziwa. Ndinaima mpeni uli m'manja, kudikira kachiwiri. Sikunabwere.

Masana amukoka gwape pa chipale chomwe chagwa pang'ono. Tonde, nyanga za nthambi zisanu ndi zitatu. Darcy analowa masaya ali psuu ndi kuzizira, anavula chipewa.

"Adadi, khofi alipo?"

Ndinamuthirira. Ndinathiriranso Arvo amene anakhala naye pa benchi. Atamwa pang'ono anapisa dzanja m'thumba la jekete monga amachitira chaka chilichonse, ndipo ine ndinasiya mbatata yomwe ndimasenda, n'kupukuta dzanja pa thalauza.

Anatulutsa chigoba chija, anachiimika pafupi ndi kapu ya Arvo.

Arvo anayang'ana pansi. Ine dzanja ndinali nditalitambasula kale.