Kunja kwa Mpanda wa Maliro

Mirdif, Dubai
14 Okutobala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja wasiya kukuvutani. Ine kuno ndili bwino, ana a abwana akungonenepa.

Lamlungu masana abwana anga aakazi, Mfalansa uja, anandikoka. "Yalla, Theresa, tiye ku kanema, lero usagwire tsache." Ndinapita mokakamizika, poti Chifalansa ine ndimangodziwa moni. Mwamwayi, mawu achingerezi ankalembedwa pansi.

Inali nkhani yakale, nthawi imene Afalansa ankalamulira dziko la eni ake. Mtsikana wosoka zovala anakondana mobisa ndi mphunzitsi amene analowa gulu loukira atsamunda. Asilikali atamuwombera mnyamatayo, abale ake analowa m'nyumba ya siwa kukalira. Mtsikana uja anangoima kunja kwa mpanda ngati wodutsa. Palibe anamuyalira mphasa, poti palibe ankamudziwa.

Amayi, ndinalira mpaka abwana anachita manyazi. "Ndi kanema chabe, habibti," anatero, kunditchula wokondedwa m'Chiarabu cha kuno. Ndinawathokoza kwambiri, koma sanadziwe chimene anandichitira.

Tsopano ndiulule. Kwa zaka ziwiri ndakubisirani munthu. Dzina lake ndi Luckson, wa ku Chipata, mlonda pa hotela ina ku Marina, kuno ku Dubai. Ndinkaopa chifukwa pa bwalo la ndege munandiuza kuti ndikupita kukagwira ntchito, osati kukasaka banja. Mwezi watha anakomoka ndi kutentha ali pa ntchito. A kuchipatala anaimbira mkulu wake ku Zambia. Ine ndinamva patatha masiku atatu, kwa mnzake. Wachira, koma ine mtima sunakhale pansi mpaka tsiku la kanemalo, pamene ndinaona pomwe ndaima.

Munandilera nokha, osandibisira kanthu, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha inu. N'chifukwa chake bodzali landilemera. Chonde mupite kwa amalume a Rodrick, muwapemphe akhale ankhoswe anga. A kwawo kwa Luckson ali okonzeka kubwera Disembala. Mukafuna kundikalipira, ndikalipireni, ndimva.

Moni kwa achemwali a Hildah ndi amayi onse a kumvano. Luckson nayenso akupereka moni. Wandifunsa ngati angalembe kuti "apongozi" m'munsimu ndi dzanja lake. Ndamulanda cholembera, ndamuuza kuti adikire yankho lanu.

Ine mwana wanu,
Theresa