Mwendo wa kumanzere wa Sajeni

Bambo a ana,

Ndapita ndi Sajeni kwa adokotala a ziweto, akutidikira 10 koloko. Pepani, chakudya chamasana mudzionera nokha.

Pa 4 mwezi uno adokotala anatibwereka kachipangizo ka maginito kaja, konga chibangili. Analemba papepala kuti tizikaika pa bondo la mwendo wakumbuyo wa kumanzere, mphindi khumi ndi zisanu m'mawa ndi madzulo, kuti kutupa kuphwe. Inu munati zamagetsi n'zachimuna, ine ndisakhudze.

Lero ndi pa 17. M'mawa uno ndinakuonani pawindo la kukhitchini. Mumaima kumaso kwa galu, n'kuika kachipangizoko mbali ya dzanja lanu lamanzere. Kumeneko ndi kumanja kwa Sajeni. Masiku khumi ndi atatu mwakhala mukuchiza mwendo wabwinobwino, uku mukuphunzitsa aneba za mphamvu ya maginito ngati munailenga ndinu. Ndikuvomereza, mwendo umenewo uli bwino kwabasi. Winawo watupa, ndipo sakuupondetsanso pansi.

Mutangonyamuka kupita kuntchito ndinaimba foni. Adokotala anati, "Mayi, bwerani naye tione ngati bondolo lingapulumuke popanda opaleshoni." Nditawauza chifukwa chake anafunsa ngati bambo amayendetsa galimoto.

Mukafika, chotsani mphasa yake pakhonde muiyale pabalaza, asamakwerenso masitepe. Kachipangizoko ndanyamula. Akatilola kupitiriza ndizikaika ine. Inu muzingomugwira mutu ndi kumupepesa.

Mayi a ana