Mwezi Umene Ndinatseka Makutu

9 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja wasiya kukusowetsani tulo. Kuno ana ali bwino. Wamng'onoyu wagulula dzino, ndiye akungosekerera aliyense kuti aone mpatawo. Mudabwa kulandira kalata pomwe foni muli nayo. Ndakhala ndikukuimbirani, koma mukangoti "halo" ndimayamba kukamba za mvula. Nkhani yake ndi ya amalume, achimwene anu, ndipo pakamwa ikundikanika.

Mukudziwa kuti ntchito ino anandipezera ndi iwo. Ndinalowa mu ofesi ya kampani yonyamula katunduyi ndisakudziwa ngakhale kugwira choboolera mapepala. Anandikhazika pambali pawo, n'kundiphunzitsa kulemba za katundu aliyense wokwera lole, komanso kuyankha kasitomala wolusa popanda kupsa mtima. Zaka zonsezi madesiki athu akhala moyang'anizana.

Chaka chino mabwana agwidwa ndi matenda osinthasintha pulogalamu ya pakompyuta. Manja akangoyamba kuzolowera, timapeza abweretsa ina. Kumabwera anthu ovala bwino, kutiphunzitsa masana amodzi akulankhula ngati akuthamangira basi, kenako osaonekanso. Batani lomwe dzulo linali kumanja lero lili kumanzere, mawa labisala. Amati akufuna ntchito iziyenda msanga, koma zomwe kale tinkamaliza nthawi ya nkhomaliro isanakwane, pano timaweruka nazo zili pakati. Tsiku limathera kufunafuna, kuiwala pasiwedi, ndi kudikira kompyuta kuti imalize kuganiza.

Ine mutu wanga umagwira zinthuzi msanga, ndipo limenelo ndiye linali tsoka langa. Desiki yanga inasanduka chipatala. Aliyense ankabwera ndi vuto lake, makamaka amalume. Ankakoka mpando wawo, magalasi ali pamphuno, n'kunena kuti, "Mphwanga, chija chathawanso." Ndinkasiya zanga n'kukawasakira chothawacho. Nthawi zina ndinkangokhala pampando pawo n'kuwalembera zonse, iwo akundisimbira za ubwana wanu, mmene munkawanenerera kwa agogo akajomba kusukulu. Sindinkadandaula, Amayi. Ndinkamva bwino kuti nanenso ndili ndi chowapatsa.

Mwezi wathawu anapachika sikirini yaikulu pakhoma, pafupi ndi chitseko. Imaonetsa mayina athu tonse ndi ntchito zomwe aliyense wamaliza, wochita bwino pamwamba, wotsalira pansi penipeni ndi utoto wofiira. Bwana anatiuza mosapita m'mbali kuti pulogalamu yatsopanoyi sikufuna anthu ambiri, ndiye mwezi ukamatha yemwe ali pansi atsanzikana naye. Nditakweza maso ndinapeza dzina lofiiralo ndi langa. Amalume anali pamwamba panga. Makinawo amangowerenga zomwe zamalizidwa m'dzina lako, zothandiza mnzako saziona.

Mukudziwa kuti bambo a anawa chiwachotsereni ntchito sanapezebe ina, nyumba yonse ikuyang'ana ine. Mayi wina wa mu ofesimu, yemwe timamutcha Wailesi chifukwa palibe nkhani imamudutsa, anandikokera pakhonde n'kundiuza kuti ndisiye ufulu wopusa. Anati ndigule timahedifoni tovala m'makutu, chifukwa munthu wovala timeneto anthu amachita manyazi kumuyankhula. Ndinagula tsiku lomwelo. Nyimbo sindingagwire nazo ntchito, ndiye chingwe chake ndinkangochiponya m'thumba la juzi osachilumikiza kulikonse.

Ena onse anamva msanga, anasiya kubwera. Amalume anabwera mawa lake. Sindinatembenuke, koma ndinkawaona chithunzithunzi pagalasi la kompyuta, ataima kumbuyo kwanga pepala lili m'manja. Anakhosomola. Anaitana "mphwanga" motsitsa mawu. Ndinamva bwinobwino, Amayi, m'makutumo simunkalira kalikonse. Ndinapitiriza kulemba. Anaima kanthawi, kenako anabwerera kumalo kwawo akukoka mpando mosamala kuti usachite phokoso.

Sanabwerenso. Anayamba kulawirira ku ntchito, n'kumadzilembera papepala kuti ukadina apa, kenako udine apo. Ndinkati mwina zitheka. Koma Lolemba lina tinapeza pulogalamuyo yadzisintha yokha, zonse zomwe analemba zija zasanduka zopanda ntchito. Ndinawaona akuyang'ana pepala, kuyang'ana kompyuta, kuvula magalasi n'kuwapukuta, pomwe magalasiwo analibe vuto. Ndinkadziuza kuti ndikangokwera pang'ono ndiwathandiza. Ndinakweradi, koma ndikakwera ndinkaopa kutsikanso. Dzina langa linafika pakati, lawo linatsikira pofiira paja ndipo silinachokepo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ntchito ya ofesi yonse sinapite patsogolo. Aliyense anayamba kusankha tintchito tofewa tomwe timatha msanga kuti dzina likwere, zovuta n'kumasiyirana. Katundu wosokera wachuluka, makasitomala akutukwana pafoni, koma sikirini ikuti tikuchita bwino. Mu ofesi momwe munkamveka kuseka pano mumangomveka kugogoda kwa zala.

Lachisanu lapitali bwana anawaitana amalume. Sanakhalitsemo. Atatuluka anayamba kulongedza kapu yawo ndi chithunzi chija cha azakhali, akazi awo. Koma masiku ano ngakhale kuchoka ntchito n'kwa pakompyuta. Munthu amayenera kulowa yekha, kuvomereza kuti wabweza zinthu za kampani, ndi kutseka dzina lake, apo ayi za penshoni siziyenda. Analimbana nazo mpaka anthu anayamba kuweruka. Kenako ndinawaona aimanso kumbuyo kwanga. Ulendo uno ndinavula timahedifoni tija asanatsegule pakamwa.

"Pepa mphwanga, ndikudziwa watanganidwa," anatero. "Ndi komaliza."

Ndinakhala pampando pawo. Batani lake linali pakona, laling'ono. Sizinatenge nthawi. Mwezi wonse thandizo lomwe ndinawapatsa achimwene anu ndi limenelo, kuwafufuta ndi dzanja langa. Anandithokoza, anati manja anga ndi achangu ndipo ndidzafika patali. Ndinkafuna andikalipire, koma anangonyamula chikwama chawo. Atafika pachitseko anabwerera, n'kundinong'oneza kuti ena asamve.

"Chingwe chako chija chimalendewera panja pa thumba. Uzichibisa bwino, anzako angakuseke."

Ndiye kuti ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Ndinalirira m'bafa ya ku ntchito, ndipo mpaka lero chakudya sichikulowa.

Anandipempha kuti ndisakuuzeni, akuti abwera okha kwanuko kumapeto kwa mwezi. Ndikudziwa zomwe adzanene. Adzati atopa, maso akuwavuta, anapempha okha kupuma. Ine sadzanditchula n'komwe, mumawadziwa. N'chifukwa chake ndalemba, kuti akamadzakamba zimenezo mudzakhale mukudziwa zoona zake. Musadzawatsutse, muwasiyire ulemu wawo. Koma musadzandiyamikirenso pamaso pawo monga mumachitira, kuti mwana wanu ndi wanzeru pa makompyuta. Chonde, chimenecho chokha.

Akuti mwezi wamawa kukubwera pulogalamu ina, ndipo desiki ya amalume aichotsa kale. Mundiperekere moni kwa onse kumeneko. Ana akuti agogo abwere. Amandifunsanso kuti agogo aamuna, amalumewo, asiyiranji kudutsa kuno Loweruka, ine ndimangoti atanganidwa. Ngati mungandiyankhe, musaimbe foni. Mulembe, chifukwa mawu anu sindinakonzeke kuwamva.

Ndine mwana wanu wachisamba,
ngati mukundilolabe kutero.