Manja a Zahra

Chipoka, 14 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene Shukuru,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Mwakhala mukufunsa za mwana wanga Zahra, ine n'kumangoti akukula bwino. Ndimakunamizani, mundikhululukire.

Zinayamba kolera itatenga mnzake wa kumadrasa. Zahra akayamba kutawaza kuti aswali, samalizanso. Amasamba m'manja katatu, kumaso, m'mikono, akafika kumapazi amati, "Amayi, ndalakwitsa," n'kuyambiranso. Nthawi ya swala imadutsa iye ali pompo. Poyamba anthu ankandiyamikira kuti ndalera mwana woopa Mulungu, inenso ndinkanyada. Lero manja ake anang'ambika, cholembera akuvutika kugwira, ndipo ine ndimapita kumjigo kasanu ndi kamodzi pa tsiku.

Ashehe anamulankhula mofatsa kuti katatu n'kokwanira. Zahra anati, "Ndikudziwa, koma ndikasiya, amayi amwalira."

Mwezi watha, tsiku la mayeso ake, atachedwa ndi kusamba, ndinataya madzi onse, ndipo ndinamumenya mbama. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, wodwala, ndinamumenya. Sanalire. Anatuluka ndi yunifolomu yake, ine n'kumati wapita kusukulu. Masana azimayi ochapa anam'peza kunyanja akusambabe m'manja, zala zikutuluka magazi.

Tinapita kuchipatala ku boma. Adokotala akuti ndi matenda a maganizo, si ziwanda, ndipo amachepa pang'onopang'ono. Timapitako Lachinayi lililonse. Chimene chikundipweteka n'chakuti anandiletsa kumuyankha. Akamandifunsa kuti, "Amayi, ndayera?" ndizingomugwira paphewa, osanena kanthu. Amafunsa kakhumi, akundiyang'ana m'maso ngati ndamutaya. Ndatopa, achimwene. Nthawi zina ndimayankha kuti ndipumeko, mawa lake n'kuyambiranso.

Chonde musatumizenso sopo uja. Koma Lamlungu muziimbako foni, mumuuze za sitima ndi misewu ya kumeneko, aiwaleko madzi kanthawi kochepa.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi athu akuti miyendo ikuwavutabe. Zahra nayenso akupereka moni. Kalatayi ndailemba kachiwiri, chifukwa yoyamba inabooka iye akufufuta dzina lake kuti likhale loongoka. Pa iyi ndinamuuza kuti alembe kamodzi kokha. Walemba, ndipo ali kuseri kwa nyumba akulira, koma sanafufute.

Ine mlongo wanu,
Esha

Ndi ine,
Zahra