Mphaka ndi Khoswe Andithera Batire

Lachinayi, Chamama. Tsiku londipsetsa mtima.

Ndinaitana alimi a fodya a kalabu yathu kuti ndiwaonetse kanema wa ulimi wa soya pa laputopu yanga. Podikira ochedwa, ndinawayikira katuni wakale uja wa mphaka wothamangitsa khoswe. Ndinalakwitsa! Madoda a imvi kuseka mpaka misozi.

Nditati ndizimitse, a Phiri, atcheya athu, anandigwira dzanja. "Dikirani a digiri, tione kaye ngati amugwire. Mphaka wopusa chonchi kwathu sagona m'nyumba."

Sanamugwire. Chomwe chatha ndi batire, ndipo magetsi kulibe chiyambire dzulo. Sabata yamawa afesanso nazale za fodya, za soya osamva ngakhale liwu limodzi. Potuluka akundithokoza, ati msonkhano unali wabwino. Zaka zinayi ku koleji, ine...