Khofi wa Agogo Watuluka Poyera

Pine Fork,
9 Julaye.

Okondedwa achemwali anga a Charlene,

Ndikhulupirira miyendo yasiya kutupa ndi kuzizira kwa ku Alaska. Kuno tili bwino, kungoti kwatentha.

Malamulo a dera lathu asintha kuyambira pa 1. Ndinakasindikizitsa pepala lake ku laibulale, ndipo ndaliwerenga katatu, chala pamzere, poti sukulu yanga mukuidziwa. Choyamba, mowa tsopano tikugulitsa ndi Lamulungu lomwe. Unyolo uja ndakhala ndikumanga pa firiji ya mowa Loweruka lililonse usiku kwa zaka khumi ndi zinayi, a Hoskins, eni sitolo, akuti ndikamangire galu.

Chachiwiri ndiye chimene ndakulemberani. Pali timapepala toyezera mapilisi ogula mumsewu, kuona ngati muli poizoni uja wamaliza anthu kuno. Kale lamulo linkaika timapepalato gulu limodzi ndi mapaipi osutira mankhwala ozunguza bongo, moti kupezeka nato unali mlandu. Achemwali, ine ndakhala nato zaka ziwiri. Nesi wina ankandipatsa, ine n'kumatibisa m'chitini cha khofi pansi pa kauntala. Wotifuna ankangoti, "Khofi wa agogo alipo?" Galimoto ya polisi ikangoima panja, ndinkakankhira chitinicho mkati ndi phazi.

Lamulungu lapitali ndinaika chitinicho poyera, pafupi ndi chingamu, nditamatapo pepala la lamulo lija. Woyamba kulowa anali Dwayne Sizemore, wapolisi uja tinkaimba naye kwaya. 

"Rhonda, mowa pa Sabata? Abusa akudziwa?"

"Abusa anaguliratu dzulo. Lipira uzipita."

Anayang'ana chitini chija. "Khofi wa agogo watuluka poyera lero?"

Ndinamuyang'anitsitsa. "Unkadziwa?"

"Iwe, khofi wanji wosamveka fungo? Ndinkangoyang'ana kumbali, khosi mpaka kuwawa." Kenaka anatsitsa mawu. "Undipatseko tiwiri. N'ta mng'ono wanga."

Ndinamupatsa tinayi, n'kumulongosolera bwinobwino: madzi akhale ochuluka chonchi, udikire mphindi zakuti, ukaona mzere umodzi taya mapilisi onse. Ndinamubwerezetsa kawiri. Ine wolekezera kalasi yachisanu, kuphunzitsa wapolisi!

Tsono musakwiye msanga. Chitinicho sindinachiyambire anthu a m'tauni. Muja munkaimba kufunsa za mwana wanu Kaylee, ine n'kumati ali bwino, ntchito yangomuchulukira, sindinkanena zonse. Lachisanu lililonse ankabwera kudzatenga khofi. Kawiri kapepala kanaonetsa mzere umodzi, ndipo kawiri konseko anataya mapilisiwo m'chimbudzi ine ndili chilili pakhomo. Mnzake amene anagula kwa munthu yemweyo tinamuika m'manda mu Malichi. Kaylee anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, koma dzulo wandimasula yekha. Uno ndi mwezi wachinayi akulandira chithandizo chosiyira mapilisi ku chipatala, sanajombepo, ndipo masaya abwerera.

Ngati mukufuna kundikalipira, imbani Lachitatu, ndimaweruka msanga. Za bodza lija ndipepesa. Za chitini ayi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Vernon. Kaylee akuti mumusungire jekete lanu lofiira lija, adzavale pa Khirisimasi akabwera kumeneko. Adzatsika ndege ndi miyendo yake, achemwali.

Ndine mng'ono wanu,
Rhonda